Kuyeza magazi a mayi woyembekezera mapasa

Amayi anzanga, ambiri mwa inu muli ndi ana ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo tsiku lina mudzalandira foni yoti: "Amayi, andiyeza magazi. Akuti ndi mapasa, ndipo pali wamwamuna." Tiyeni tikumvetse kuyeza kumeneku, kuti polangiza tisamalankhule za m'maluwa.

Dzina lake ndi NIPT. M'chaka cha 1997, katswiri wina dzina lake Dennis Lo anapeza kuti m'magazi a mayi woyembekezera mumayenda tizidutswa ta DNA ya mwana, tochokera mu nsengwa. Kuyambira 2011 zipatala zinayamba kuyeza tizidutswati. Amatenga magazi pamkono pathupi pakakwana masabata 10, ndipo mwana sakhudzidwa. Kusikelo kwathu sitiyeza zimenezi. Amene ayezetsa amapita kuzipatala zolipira, ndipo ndalama zake n'zambiri.

Munthu amakhala ndi makromozomu 46, awiriawiri. Pakakhala atatu pa nambala 21, mwana amabadwa ndi Down syndrome: amachedwa kukula ndi kuphunzira, ndipo ambiri amakhala ndi vuto la mtima. Mpata wake umakula ndi zaka za mayi, kufika pafupifupi mwana mmodzi pa 100 kwa mayi wa zaka 40. Pakakhala atatu pa nambala 18 kapena 13, vuto ndi lalikulu kwambiri ndipo ana ambiri sakhalitsa. Kuyezaku kumafunafunanso kromozomu Y, yomwe amakhala nayo amuna okha.

Tsono pa mapasa m'pamene pali nkhani. DNA ya ana awiri imasakanikirana m'magazi a mayi mmodzi. Y akapanda kupezeka, onse awiri ndi aakazi. Akapezeka, ndiye kuti pali wamwamuna, koma nthawi zambiri sizidziwika ngati ndi mmodzi kapena onse, pokhapokha ngati mapasawo anachokera m'dzira limodzi. N'chimodzimodzinso ndi Down syndrome: zotsatira zikhoza kuchenjeza, osanena kuti ndi mwana uti. Nthawi zina DNA ya mmodzi imachepa ndipo yankho silituluka n'komwe. Palinso ichi chomwe ambiri sachidziwa: mmodzi wa mapasa akhoza kufota pathupi padakali pang'ono, mayi osazindikira, koma DNA yake n'kumapezekabe kwa masabata angapo. Pamenepo mayi akhoza kuuzidwa za mnyamata kapena za vuto, chonsecho wotsalayo ndi mtsikana wabwinobwino.

Choncho mawu akuti "chiopsezo n'chachikulu" si chigamulo. Chotsimikizira ndi kuyeza madzi a m'chiberekero, omwe amatengedwa ndi singano kuyambira masabata 15, ndipo kumeneko kuli ndi kangozi kakang'ono kopititsa padera. Mwana wanu akaimba akulira, funso loyamba likhale lakuti: kodi atsimikizira?

Mpingo suletsa kuyezetsa. Chikalata cha Donum Vitae cha 1987 chimavomereza kuyeza mwana ali m'mimba ngati cholinga n'kumuteteza kapena kumuchiza, koma chimakana kuyeza ndi maganizo ochotsa pathupi. Jérôme Lejeune, dokotala wa ku France amene pamodzi ndi anzake anafotokoza chiyambi cha Down syndrome mu 1959, anali Mkatolika ndipo anamenyera ufulu wa ana amenewa mpaka imfa yake mu 1994. Kudziwiratu kumathandiza banja kukonzekera, komanso kuti mtima wa mwana udzaunikidwe msanga akabadwa. Za kufunitsitsa wamwamuna ndiye sindichedwapo. Ndingokumbutsa apongozi kuti Y uja amachokera kwa bambo, mayi alibe mlandu.

Kwa ife a kuno ku Dedza, chomwe chimapulumutsa mapasa ndi sikani yoyambirira. Ikachitika masabata 14 asanadutse, imaonetsa bwino ngati ana ali ndi nsengwa imodzi kapena aliyense yake. A nsengwa imodzi amafunika kuwaunika pafupipafupi, chifukwa magazi akhoza kumapita ochuluka kwa mmodzi, winayo n'kumachepekedwa. Vuto lathu n'lakuti amayi ambiri amabisa pathupi mpaka mwezi wachisanu, nthawi yabwinoyo itapita kale. M'miphakati mwanu limbikitsani atsikana kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe.

Mayi wa mapasa magazi amamuchepera msanga, BP imatha kukwera, ndipo mapasa oposa theka amabadwa masiku asanakwane. Amwe mapiritsi oonjezera magazi tsiku lililonse, azigona m'masikito, asadumphe tsiku la sikelo. Mutu wosaleka, kuona zideruderu, kutupa nkhope ndi manja, kutaya magazi kapena madzi: zimenezi sizidikira kuti kuche. Akachirire kuchipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi, monga cha boma pa Dedza, ndipo apite kuchidikiro pa nthawi yomwe anamwino amuuza, makamaka m'dzinja pamene misewu ya kumapiri imaterera. Mukonzeretu nsalu, zipewa ndi masokosi a ana awiri, pakuti khanda losakwana masiku silipirira kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi. Mupezenso munthu wachiwiri, kaya ndi bambo wa ana kaya agogo, wodzafungata mwana mmodzi pachifuwa mwa njira ya kangaru pamene mayi wafungata mnzake.