Kulinganiza Maphunziro a Sayansi Kuti Azikula Pamodzi ndi Mwana

Lamulo la maphunziro la nambala 18/2018 linasintha kaimidwe ka sukulu za pulayimale m'dziko lathu la Mozambique. Tsopano pulayimale ili ndi makalasi 6, ogawidwa m'zigawo ziwiri: chigawo choyamba ndi kalasi 1 mpaka kalasi 3, ndipo chachiwiri ndi kalasi 4 mpaka kalasi 6. Phunziro la sayansi, limene mabuku athu amalitcha Ciências Naturais, limayamba kuima palokha m'kalasi 4. Nthawi yomweyo n'imene Chipwitikizi chimayamba kulemera pa mwana, chifukwa mabuku ndi mayeso amafuna chinenerocho mochulukirapo kusiyana ndi kale.

Tiyeni tiganizire mwana wa ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, kapena mnzake wa kumapiri a Tsangano. Kunyumba, kumunda ndi kudambwe amalankhula Chinyanja, chimene ambiri kuno amachitchanso Chichewa. Akafika kalasi 4 amasenza akatundu awiri tsiku limodzi: phunziro latsopano ndi chinenero chimene sanachigwire bwino. Ngati makalasi atatu oyamba sanamukonzekeretse, iye amathawira ku kuloweza. Adzalemba bwino lomwe kuti germinação, koma mukamufunsa chifukwa chake chimanga cha m'nkhokwe sichimera pomwe cha m'munda chimamera, adzangoyang'ana pansi.

Kuphunzitsa m'chinenero cha makolo si nkhani yachilendo m'chigawo chathu cha Tete. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa njira imeneyi m'ntchito yotchedwa PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Kenaka maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'ndondomeko ya boma ya 2004. Funso limene tikufuna kuliunika pano ndi lakuti: kodi chinenero chathuchi tingachigwiritse ntchito motani kuti zimene mwana waphunzira chaka chino zikhale maziko a zimene adzaphunzire chaka chamawa?

Kubwereza kumasiyana ndi kukwera

M'chaka cha 1960 katswiri wa maphunziro wa ku America, Jerome Bruner, anafotokoza kuti mfundo yaikulu ya phunziro ingathe kuphunzitsidwa kwa mwana wamng'ono m'njira yomuyenera, kenaka n'kuibwereranso m'makalasi apamwamba, ulendo uliwonse mozamirapo. Ambiri timavomereza zimenezi, koma m'kalasi zimasanduka zina. Mwana amajambula chomera n'kulemba muzu, tsinde ndi tsamba m'kalasi 2. M'kalasi 4 amajambulanso chomera chomwecho, mayina okha atasinthidwa kukhala raiz, caule ndi folha. M'kalasi 6 chithunzi chili chomwechi. Mwanayo wasintha chinenero, koma nzeru yake ya za zomera ili pamene inali zaka zinayi zapitazo.

Chimene chiyenera kukwera chaka ndi chaka ndi mtundu wa funso limene mwana angathe kuyankha. Poyamba amayankha lakuti "ukuona chiyani?" Pambuyo pake amayankha lakuti "chingachitike n'chiyani tikasintha ichi?" Pomaliza amayankha lakuti "chifukwa chiyani, ndipo ukudziwa bwanji?"

Chitsanzo cha chimanga

Tasankha chimanga chifukwa palibe mwana wa dera lino amene sanachigwirepo. Zimene tikupereka apa sizikulowa m'malo mwa pulogalamu ya boma. Ndi njira yolumikizira mitu yake, ndipo ikukwana bwino m'gawo la Currículo Local, limene ndondomeko ya 2004 inalipatsa magawo 20 mwa magawo 100 a nthawi yophunzira kuti sukulu ziziphunzitsa za kumudzi kwawo.

M'makalasi atatu oyamba sayansi ilibe nthawi yakeyake, choncho imalowera m'phunziro la chinenero ndi la masamu. Ana a kalasi 1 abweretse njere za chimanga, nyemba, mtedza ndi maungu, azisankhule, aziwerenge ndi kuzitchula mayina. M'kalasi 2 adzale njere m'zitini, ndipo tsiku lililonse azinena zimene zasintha. Adzaona okha kuti muzu ndiwo umayamba kutuluka. M'kalasi 3 ayeze kutalika kwa mmera ndi kamtengo kapena rula sabata iliyonse, alembe manambala m'kope, ndiponso alembe ziganizo ziwiri kapena zitatu m'Chinyanja zofotokoza zimene aona. Zonsezi ndi kuwerenga, kulemba ndi masamu, koma mwana akuzolowera kupenyetsetsa ndi kusunga umboni.

Kalasi 4 ndiyo ya kuyesa. Ana aike njere m'zitini zinayi: china chouma, china chonyowa pang'ono, china chodzaza madzi mpaka njere kumira, ndi china chonyowa koma chopanda dothi, chongoyalidwa kansalu. Asanayambe, mwana aliyense anene zimene akuganiza kuti zichitika. Ambiri amanena kuti popanda dothi njere singamere, ndipo amadabwa ikamera. Njere imafuna chinyezi, mpweya ndi kufunda. Chakudya cha masiku oyamba imakhala nacho kale m'kati mwake. Yomira m'madzi imavutika kumera chifukwa chosowa mpweya, ndipo apa mwana wa kudambo amakumbukira munda wa kwawo umene unalowa madzi. Mawu akuti germinação abwere pambuyo pa zonsezi, ngati dzina lachiwiri la chinthu chimene mwana wachiona kale ndi kuchifotokoza m'chinenero chake.

M'kalasi 5 funso likwere: kodi njere imapangika bwanji? Ana apite m'munda akagwedeze ngayaye, aone mungu ukugwa. Asende chimanga chanthete mosamala, atsatire ndevu imodzi mpaka pamene yathera. Ndevu iliyonse imapita pa njere yakeyake, ndipo imene sinalandire mungu sibala kanthu. N'chifukwa chake phesi loima lokhalokha kumapeto kwa munda nthawi zambiri limabereka chimanga cha njere zapatalipatali. Ana ambiri anachionapo chimanga chotere, koma sanauzidwepo chifukwa chake.

Kalasi 6 ndi pamene tifunika kuchedwapo, chifukwa apa chinenero chathu chimatithandiza ndiponso chingatisocheretse. Tonse timanena kuti feteleza ndi chakudya cha mbewu, ndiponso kuti nthaka yaguga, ilibe chakudya. Mwana amene wamva zimenezi kuyambira ali kumsana amakhulupirira kuti chomera chimadya dothi monga iye amadyera nsima. Si ana okha amene anaganizapo motero. Jan Baptist van Helmont, wa ku Brussels, anadzala kamtengo ka msondodzi kolemera makilogalamu oposa 2 pang'ono mumphika wa dothi louma lolemera pafupifupi makilogalamu 90. Anangokathirira madzi kwa zaka 5. Atayezanso, mtengowo unali utaposa makilogalamu 70, koma dothi linali litachepa ndi magalamu osakwana 100. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti mtengowo unapangidwa ndi madzi okha. Akatswiri a pambuyo pake ndiwo anapeza kuti gawo lalikulu la thupi louma la chomera limachokera mumpweya.

Nkhani imeneyi tiinene m'Chinyanja, ndipo tisafulumire kupereka yankho. Tiwafunse ana: ngati chimanga chimadya dothi, bwanji munda umene takolola ngolo zambiri kwa zaka ndi zaka sunasanduke dzenje? Akakangana mokwanira, tifotokoze kuti tsamba lobiriwira limapanga shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya wina wotchedwa dióxido de carbono, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Shugayo ndi amene amasungidwa m'njere n'kudzakhala ufa wathu. Feteleza ndi manyowa amapereka michere ina yofunika, monga imene ili m'thumba la NPK kapena la yureya, koma chakudya chenicheni chomera chimadzipangira. Umboni wosavuta ulipo: mmera wosungidwa mumdima umatalika mowonda n'kuyezuka, ngakhale uli m'dothi lachonde. Ana amene anadzala m'zitini m'kalasi 2 ndi kuyesa m'kalasi 4 angathe kukonza okha kuyesa kumeneku. Ku sekondale, kumene sayansi imagawikana kukhala Biologia, Física ndi Química, mawu akuti fotossíntese adzapeza pokhala.

Mawu amene tiyenera kugwirizana

Ndondomeko yabwino ingathe kuduka ngati mphunzitsi aliyense ali ndi mawu akeake. Mawu akuti mbewu amatanthauza chodzala ndiponso chomera chonse cha m'munda. Ife tikuona kuti n'kwabwino kunena njere ponena chodzalacho, ndi chomera ponena chamoyo chonse, kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 6. Mawu akuti mpweya amanyamula zinthu zingapo: umene watizungulira, umene timapuma, ndi mitundu yosiyanasiyana imene ili m'menemo. M'makalasi aang'ono zimenezi sizivuta, koma pofika kalasi 5 mwana ayenera kumva kuti mpweya ndi msakanizo.

Pali chizolowezi china chimene sitigwirizana nacho. Ena, pofuna kufewetsa, amatcha oxigénio mpweya wabwino ndipo dióxido de carbono amautcha mpweya woipa. Pophunzitsa za kupuma mayinawa amaoneka othandiza. Koma chaka chotsatira mphunzitsi wina adzanena kuti chimanga chimapanga chakudya ndi mpweya woipa, ndipo mwana woganiza adzasokonezeka. Kuli bwino kubwereka dzina lenileni n'kulifotokoza m'Chinyanja kusiyana ndi kupeka dzina limene tidzayenera kulifafaniza patsogolo. Chinenero chathu chinabwereka kale mawu monga sukulu, buku ndi feteleza, ndipo sichinafe nazo.

Sikuti zonse za kumudzi n'zofunika kuwongola. Makolo amadzala nyemba pakati pa chimanga, ndipo amadziwa kuti munda wa nyemba kapena mtedza suguga msanga. Ana azule nyemba imodzi, aone timatuza ta pamizu. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa mchere wothandiza chomera. Apa sayansi ikungoonjezera chifukwa pa nzeru imene agogo ali nayo kale, ndipo mwana angathe kukawafotokozera madzulo m'chinenero chimene onse awiri amamva.

Kalendala ya sukulu ndi kalendala ya munda

Chaka cha sukulu chimayamba chimanga chitakula kale, ndipo nthawi yodzala, mu Novembala ndi Disembala, imafika sukulu ili pafupi kutseka. Tikangotsatira masamba a buku, tingapezeke tikuphunzitsa za ngayaye mu Ogasiti, m'munda muli mapesi okhaokha. Choncho phunziro la mungu ndi ndevu liikidwe m'chigawo choyamba cha chaka, cha mu Febuluwale ndi Malichi. La timatuza ta nyemba lilinso la nthawi yomweyo. Kuyesa kwa m'zitini kungachitike nthawi ina iliyonse, koma kumapiri kuno mu Juni ndi Julaye njere zimachedwa kumera chifukwa cha chisanu. Mphunzitsi wa kalasi 4 angapezerepo mwayi: chitini china chigone panja, china pafupi ndi moto wa kukhitchini, ana ayerekeze.

Ntchito ya pa ZIP

Pamsonkhano wotsatira wa ZIP, aphunzitsi a makalasi onse 6 akhale pamodzi, asagawikane m'makalasi awo monga mwa masiku onse. Ayale pepala lalikulu, alembe makalasi kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo asankhe mutu umodzi wosakhala chimanga, monga madzi, nthaka kapena kaumitsidwe ka fodya m'chigafa. Pa kalasi iliyonse alembe funso limodzi limene mwana ayenera kutha kuyankha pakutha pa chaka, chinthu chimodzi chimene adzachite ndi manja ake, mawu a Chinyanja amene agwirizana, ndi mawu a Chipwitikizi amene alowe chaka chimenecho. Akamaliza, mphunzitsi wa kalasi 6 awerenge funso lake mokweza, ndipo wa kalasi 5 anene chimene ana ake adzabwere nacho chowathandiza kuliyankha. Apitirize motero mpaka kalasi 1. Pamene wina wasowa choyankha, aikepo chizindikiro, ndipo akonze malo amenewo asanalembe dosificação ya chigawo chotsatira.