Malangizo: Titeteze Nkhumba ku Chigodola

Alimi a ku Benga ndi midzi yozungulira, lero tikambirane za chigodola cha nkhumba, matenda opanda mankhwala.

Mukaona nkhumba yatentha thupi, yasiya kudya, makutu ndi kumimba kwafiira, ikutsekula magazi kapena zingapo zafa motsatizana, thamangirani kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Kachilombo koyambitsa matendawa kamayenda ndi nyama, nsapato, ziwiya, nkhufi komanso nguluwe. Choncho nkhumba zizikhala m'khola, zisamayendeyende. Ogula asalowe m'kholamo. Nkhumba yachilendo muyisunge payokha milungu itatu. Nkhumba zanu musazipatse zotsala zokhala ndi nyama ya nkhumba.

Nkhumba ikafa, musaigulitse pamsika kapena m'mbali mwa msewu wa M5. Ikwirireni m'dzenje lakuya. Mukatero mwapulumutsa ziweto za mudzi wonse.