Phunziro 14: Mphunzitsi Wopempherera Ana Ake

Werengani: 1 Samueli 12:19-25; Yohane 10:1-5.

Ana inu, lero timve za Christopher Dock, mphunzitsi wa mpingo wa Mennonite, amene ankaphunzitsa ku Skippack, m'dera la Pennsylvania, ku America. Masiku amenewo aphunzitsi ankadalira chikoti, koma Dock sankafulumira kukwapula. Mwana akakhoza, ankamjambulira duwa kapena mbalame. Akadziwa zilembo zonse, atate ake ankayenera kumpatsa kandalama, ndipo amayi ake kumkazingira mazira awiri.

Ana akaweruka, iye ankatsalira m'kalasi, nagwada, napempherera mwana aliyense pomtchula dzina. Tsiku lina m'chaka cha 1771 sanabwerere kunyumba. Atapita kukamfuna, anampeza m'kalasimo atamwalira chigwadire.

Ine ndinaphunzitsa zaka zambiri kuno kufupi ndi Kachulu. Matemba akachuluka m'nyanja ya Chilwa, anyamata ankathawa sukulu kunka kudooko. Ndinkangowafafaniza m'kaundula. Ndinene mwamanyazi, sindikumbuka kuti ndinagwadirapo ngakhale mmodzi.

Mafunso:
1. Samueli anati kuleka kupempherera anthu ake kukanakhala chiyani?
2. Ndani m'kalasi mwathu muno amene waleka kubwera? Mtchuleni dzina tisanatseke ndi pemphero.