Madzi Odontha Pansi pa Bokosi

Mau owerenga poyamba: Marko 5:25-34, Luka 19:11-27, Eksodo 18:13-26.

Ife a dziko lofunda sitiwadziwa bwino madzi oundana. Tidziwa matalala amene agwa ndi mvula yoyamba naboola masamba a fodya, tidziwanso cisanu ca mwezi wa Juni ndi Julai cimene citsikira m'madambo usiku nicipsereza nthoci ndi matimati m'madimba. Koma kuli maiko kumene nyengo yozizira ikafika, madzi a pamwamba pa nyanja agwirana nakhala ngati thanthwe, kotero kuti kavalo ayendapo osamira. Madzi oundana otere, amene m'matauni awacha ayezi, ndiwo anali kusunga mkaka ndi nyama m'nyumba za ku America pafupi-fupi zaka 100, mafiriji a magetsi asanafale. Phunziro lathu liri pa kanthu kakang'ono ka m'nyumba zimenezo, ndiko madzi amene anali kudontha ayeziyo posungunuka. Wina adzati, Kodi abusa asowa nkhani? Ayambe wawerenga, aweruze pambuyo.

Malonda a ayezi anakula ndi mnyamata wa ku Boston, dzina lace Frederic Tudor. M'caka ca 1806 analonga ayezi m'combo namtumiza ku cisumbu cotentha ca Martinique. Anthu anamseka, ndipo anali ndi cifukwa, pakuti ndalama zace zinatayika, ndipo zaka zotsatira analowa m'ndende cifukwa ca ngongole. Koma sanaleke. Anaona kuti utuci wa kumaceka, umene eni ace anali kungoutaya, uteteza ayezi ku kutentha. M'caka ca 1833 combo cochedwa Tuscany cinanyamula matani 180 ku Boston, niciyenda miyezi inai kufikira ku Calcutta m'dziko la India, nicifika ndi matani monga 100. Otsalawo anathera m'njira, dontho limodzi-limodzi.

Bokosi la m'nyumba, limene Angerezi alicha icebox, linali la matabwa, looneka ngati kabati ya mbale. M'kati munali malata, ndipo pakati pa malatawo ndi matabwa anaikapo utuci, udzu kapena makungwa opepuka. Mwala wa ayezi unali kukhala m'cipinda ca pamwamba, zakudya pansi pace, popeza mpweya wozizira ulemera nutsika, ndipo wofunda ukwera. Wogulitsa ayezi anali kuyenda ndi ngolo ya akavalo khomo ndi khomo. Mai wa nyumba anali kuika cipepala pazenera, colembedwa 25, 50, 75 ndi 100 m'mbali zace zinai, ndipo nambala yokhala pamwamba ndiyo inali kuuza wangolo mapaundi amene afunika tsiku limenelo. Iye anali kudula mwalawo, naugwira ndi mbano zacitsulo, nausenza paphewa kufikira kukhicini.

Beseni la pansi

Tsono tiwerengere. Kilo imodzi ya ayezi ikasungunuka isanduka lita imodzi ya madzi. Mwala wocepetsetsa, wa mapaundi 25, uli makilo monga 11, ndiwo madzi opitirira theka la cigubu ca malita 20. Wa mapaundi 100 uli makilo 45, zigubu ziwiri ndi kanthu pamwamba. Madzi onsewa anayenera kuturuka m'bokosi, cifukwa akakhalamo anyowetsa zakudya, nabvunditsa matabwa, nasungunula msanga ayezi wotsalayo. Cotero amisiri anaika paipi yaing'ono yocokera pansi pa mwalawo, yotsikira kumbuyo kwa zakudya, nituruka kunsi kwa bokosi. Pamenepo panali beseni losaya, lobisika kuseri kwa kathabwa.

Besenilo ndilo linali mlandu wa tsiku ndi tsiku. Linafunika kutayidwa kamodzi pa tsiku, ndipo m'masiku otentha koposa kamodzi. Kawiri-kawiri nchitoyo inali ya ana. Amene anasenzapo madzi m'mbale yosaya adziwa bvuto lace: ukacedwa kufikira litadzala, sungalikoke osataya, ndipo uyenda nalo ngati wonyamula mazira, madzi ali kukhapira pamapazi. Ukaiwala usiku umodzi, mamawa upeza thamanda m'khicini, ndipo funso loyamba siliri lakuti, Tikolope ndi ciani? koma lakuti, Dzulo inali nthawi ya yani? Dontho lace silinali kumveka patali. Palibe amene anali kuyamika mwana wotaya madzi pa masiku 30 amene anakumbukira. Anali kudziwika tsiku limodzi limene anaiwala.

Ena, potopa ndi beseni, anaboola pansi pa nyumba, pakuti nyumba zambiri kumeneko pansi pace mpa matabwa, naikapo fanulo kuti madzi azigwera kunsi. Amene analumikizapo paipi yaitali yoturutsa madzi kunja anacita bwino. Koma amene anangoboola nasiya madzi agwere pansi pa nyumba sanathetse kanthu. Anangocotsa madziwo pamaso pao, ndipo cinyezi cinakhala ciri kudya mitanda mwakacetecete. Enanso anaganiza zolumikiza paipi ya bokosi ku paipi ya zonyansa za m'nyumba. Malamulo a zaumoyo a m'mizinda analetsa ici, nafuna kuti pakhale mpata wa mpweya pakati pa ziwirizo, madzi azigwera poyera m'sinki kapena m'fanulo. Cifukwa paipi imene itsitsa madzi ikhozanso kukweza mpweya woipa kufikira pa mkaka wa ana.

Ngakhale paipi yabwino inali kufuna dzanja. Ayezi wodulidwa panyanja anali ndi utuci, tizinyalala ndi pfumbi, ndipo zimenezi zinali kumanga ndere m'paipi kufikira itatsekeka. Pamenepo madzi anali kubwerera m'kati, bokosi nkuyamba kununkha. Mankhwala ace sanali odabwitsa: sabata iri yonse kuthiramo madzi otentha a soda, ndi kupisamo waya. Kunsi kwa paipi kunali kakapu kosunga madzi pang'ono, kuti mpweya wofunda usalowere pamenepo. Nakonso kanafunika kutsukidwa.

Ayezi wokulungidwa m'nsaru

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Ayezi anali kugulidwa ndi ndalama, ndipo mai wosamala cuma anali kumva cisoni poona ndalama zace ziri kudonthera m'beseni. Cotero ambiri anali kukulunga mwalawo m'manyuzi kapena m'bulangeti kuti ucedwe kutha. Ndipo unali kucedwadi. Madzi m'beseni anacepa, wangolo anabwera kamodzi-kamodzi. Koma mkaka unayamba kusasa msanga, ndi nyama kubvunda. Aphunzitsi a zosamala nyumba anacenjeza amai kolimba kuti asamakulunga ayezi.

Cifukwa cace anacifotokoza kale Joseph Black, mphunzitsi wa ku Glasgow, ca m'ma 1760. Ayezi posungunuka amwa kutentha kwambiri, iye mwini osafunda konse kufikira atatha. Kutentha kumene kusungunula kilo imodzi ya ayezi kufanana ndi kumene kukatenthetsa lita imodzi ya madzi kucokera pa madigiri 0 kufika pa 80, pafupi kuwira. Kutenthako kucokera kuti? Kucokera mu mkaka ndi nyama ndi mpweya wa m'bokosi. Dontho liri lonse logwera m'beseni ndilo kutentha kumene kwacotsedwa pa cakudya. Ayezi wosadontha sali kuziziritsa kanthu. Ndipo ife sitiri alendo pa ici, pakuti mtsuko wa dothi umene ucita thukuta kunja ndiwo upatsa madzi ozizira. Wopakidwa penti, wouma bwino kunja, madzi ace ali ofunda.

Onani tsono kapolo uja wa pa Luka 19. Anapatsidwa ndalama monga anzace, koma iye anaikulunga m'kansaru naisunga. Mbuye wace pobwera anaipeza yathunthu, yosaperepeseka ngakhale pang'ono, ndipo cimene kapoloyo anayesa kukhulupirika cinakhala citsutso cace. Alipo Akristu okulungidwa cotero. Pamaliro afika mocedwa, manda atakumbidwa. Wodwala amfunsira patali. Nkhuku yao siidziwa mlendo. Sadandaula, satopa, sakangana ndi munthu, ndipo ife tiwayesa ofatsa. Koma funsani amene akhala nao pafupi ngati apepukidwapo kanthu.

Linganizani ndi Marko 5. Mkazi wodwala nthenda ya mwazi zaka 12 anakhudza cobvala ca Ambuye m'khamu la anthu, nacira. Ndipo mlembi atiuza kuti Ambuye anazindikira kuti mphamvu yaturuka mwa Iye. Mauwo ndiwayesa olemera. Ngati kuciritsa kunamcotsera kanthu Mwana wa Mulungu, kodi mkulu wa mpingo adzayanjanitsa banja losweka osacotsedwa kanthu? Kodi mai wa Cigwirizano adzacezera usiku wonse pa wodwala, mamawa nkukalima ngati anagona? Kutopa kwa mtumiki si cizindikiro cakuti cikhulupiriro cace cacepa. Tileke kumdzudzula munthu wotere ngati wabwerera m'mbuyo. Nthawi zambiri kutentha kwa ena ndiko kwalowa mwa iye.

Koma madziwo ayenera kupatsidwa njira, ndipo apa mipingo yambiri ilephera. Pa mudzi uli wonse pali amai atatu kapena anai amene atunga madzi pa maliro onse, aphikira alendo a misonkhano yonse, azira pansi pa nyumba ya Mulungu. Pali mkulu mmodzi amene njinga yace idziwa njira zonse. Poti sanakane, tiwaonjezera. Palibe awerama kuyang'ana kuseri kwa kathabwa. Ndipo tsiku lina mai uja ayankha mau owawa pamaso pa anthu, kapena mkulu uja angoleka kubwera, ndipo bwalo la akulu likhala pansi kuweruza kusefukira kwa tsiku limodzi, osafunsa kuti besenilo linadzala kwa zaka zingati.

Yetero, mpongozi wa Mose, anali munthu wowerama. Anaona mkamwini wace ali kuweruza mirandu kuyambira mamawa kufikira madzulo, namcenjeza kuti adzalefuka, iye pamodzi ndi anthuwo. Sanamuuze kuti aleke nchito, ndiko kukulunga ayezi. Anamuuza kuti asankhe amuna oopa Mulungu, oyang'anira anthu 1,000, ena 100, ena 50, ena 10, kuti zazing'ono zizithera kumeneko. Bwalo liri lonse likhoza kucita comweco pa msonkhano woyamba wa caka: kulemba maina a onse amene anasenza nchito caka catha, kuwerenga kuti dzina liri lonse laoneka kangati, ndi kufunsa mmodzi-mmodzi pa yekha, si pagulu ai, cimene cimlemera.

Za kuboola pansi ndinenapo pang'ono. Dandaulo lokanizidwa pabwalo silifa, ligwera kunsi kwa nyumba. Lina lipita kucitsime kapena kumowa, ndipo paipi imeneyo itsitsa madzi inde, koma ibweza mpweya woipa. Pa Macitidwe 6 panauka kung'ung'udza cifukwa amasiye ena anali kuiwalika pogawa cakudya. Atumwi sanakucha kupanduka. Anasonkhanitsa ophunzira onse, nkhani inagwera poyera, nasankhidwa amuna 7 a nchitoyo.

Fanizo liri lonse liri ndi malire ace. Mwala wa ayezi ukatha watha, ndipo bokosi liyembekeza wina. Munthu sali wotero, ndipo mpingo umene ugwiritsa anthu kufikira atatha nufuna ena sunamve Marko 6:31, pamene Ambuye anaitanira ophunzira kumalo a okha kuti apumule, popeza analibe ndi nthawi yomwe yakudya.

Mabokosi a masiku ano

Ku America bokosi la ayezi linayamba kutha pamene mafiriji a magetsi anachipa. Kampani ya General Electric inaturutsa firiji yace yochuka ya Monitor Top m'caka ca 1927, ndipo pofika m'ma 1950 wangolo anali atasowa m'misewu yambiri. Koma firiji nayonso idontha. M'mafiriji ambiri madzi atsikira pa kabowo ka kukhoma la kumbuyo, nagwera m'kambale kokhala pamwamba pa injini, ndipo kutentha kwa injiniyo kuwaumitsa. Mukapeza madzi pansi pa zotengera za ndiwo zamasamba, kabowoko katsekeka: zimitsani magetsi, pisanimo kawaya kofewa, thiranimo madzi ofunda.

M'caka ca 2024, cirala citacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ali kuzima maora ambiri pa tsiku, abale athu a ku Lusaka ndi ku Chipata anaona okha thamanda la m'khicini. Ndipo kumidzi kuno alipo ogulitsa nsomba zaziwisi ndi nyama m'mabokosi a pulasitiki. Kwa iwo malangizo ndi omwewo a kale. Bokosi likhale pamthunzi, lokwezedwa pa njerwa, lopendekera pang'ono kumene kuli kabowo, ndi ndowa pansi pace. Nsomba zisagone m'madzi osungunuka, pakuti ndimo ziyambira kubvunda. Ayezi akhale pansi, pakati ndi pamwamba pa nsombazo, wozikhudza. Ngati mufuna kufunditsa, funditsani bokosi kunja ndi saka lonyowa, osati ayezi m'kati. Madzi a m'ndowa asamwedwe, ndipo asatayidwe pakhomo poitana nchenche. Kawathireni pa tsinde la mpapaya kuseri kwa nyumba, nimutsuke ndowayo ndi sopo musanaibwezere.