Yankho kwa Omvera Athu a ku Kafue

Bambo athu a ku Kafue, inu amene mumagwira ntchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia ndipo mwafunsa ngati Mkatolika angapikisane nawo pa ukhansala, tamverani. Pikisanani ndithu, pakuti kutumikira anthu si tchimo. Koma kuti musadzikuze, mukamaweruka usiku, kwezani maso kupyola machumuni a fakitaleyo, muone nyenyezi, zimene ngakhale yoyandikira kwambiri kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kusanatifike, ndipo mukumbukire phulusa limene wansembe amakupakani pamphumi poyamba Lenti. Musadzakakamirenso mpando: mu 2001, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba anafuna kulamulira kachitatu, maepiskopi anakana poyera, mpando n'kupita kwa a Levy Mwanawasa. Mutu ukakula sulewa nkhonya: mukadzapambana, anthu a ku Zambia Compound ku Kafue komweko akadzafunsa za madzi, mudzawayankhe nokha.