Galasi Lokulitsa: Muone Kaye Musanapopere

Galasi lokulitsa ndi kachida kolowa m'thumba la malaya, kamene kamakuza chinthu kakhumi. Muliike pafupi ndi diso, ndipo tsamba limene mukuliyang'ana ndilo mulisendeze kufikira lioneke bwino. Mtengo wake umasiyana malinga ndi sitolo, koma kalabu ya alimi itasonkherana sikuyenera kulephera kugula limodzi.

Ndi galasili mudzazindikira banja la tizilombo todumpha lotchedwa Cicadellidae: thupi lalikulu kumutu, losongoka kumbuyo, ndi mizere ya timinga pa miyendo yakumbuyo. M'banjali muli mitundu yambiri. Majasidi a thonje ndi obiriwira, ndipo ana awo amayenda cham'mbali ngati nkhanu. Cicadulina, wa madontho awiri akuda pamutu, ndiye amafalitsa matenda a mizere m'masamba a chimanga. Idioscopus amakhala m'mitengo ya mango ku India, kumene amayamwa maluwa mpaka kuwaumitsa.

Koma chotidetsa nkhawa ndi ichi: kuti m'midzi yambiri, munthu akangoona masamba a mango kapena malalanje atada ngati mwaye, asanatembenuze ngakhale tsamba limodzi, asanafunse mlangizi, asanadziwe ngati wadetsa mtengowo ndi kachilombo kodumpha, nsabwe za m'masamba kapena kodikodi, amatenga mankhwala otsala ku thonje napopera mtengo wonse, nthawi zina maluwa ali ngwee ndipo njuchi zili pa ntchito. Mwayewo ndi nkhungu yomera pa timadzi totsekemera timene tizilombo tosiyanasiyana timatulutsa, choncho sungakuuzeni dzina la mdani. Wopopera chotere amapha njuchi zobereketsa mtengo, amapha akangaude ndi tizilombo tina todya adani ake, amawononga ndalama, naikanso chiphe pa zipatso zimene ana ake adzatola. Zimenezi zilekeke ndithu! Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono dzukani m'mamawa tizilombo tisanachangamuke, muyang'ane kunsi kwa masamba, ndipo mudzazizwa ndi zimene kagalasika kadzakuululirani.

Galasi lidzakufikitsani pa banja, mwinanso pa mtundu. Kupitirira apo ndi ntchito ya akatswiri, amene amapima ziwalo zoberekera za kachilombo kakamuna pa maikulosikopu. Chotero mugwire tizilombo tingapo, mutiike m'kabotolo ka sipiriti, osati m'pepala m'mene timaphwanyika, mulembe dzina la mtengo, mudzi ndi tsiku, nimupereke kwa mlangizi wa m'dera lanu.