Mwana azidziwa yekha pamene wafika

Funso limene ife aphunzitsi timalikonda kwambiri ndi lakuti, “Mwamva?” Yankho lake timalidziwa kale. Kalasi yonse imati “Eee!” ndipo amene sanatolepo kanthu ndiye amakweza mawu kuposa anzake. Zoona zake zimadzaoneka pakutha pa teremu, mayeso atalembedwa, nthawi yokonza itadutsa. M'phunziro lino ndikufuna tikambirane zomuthandiza wophunzira kudziyesa yekha, kuti azitha kunena chimene wachigwira ndi chimene chikumuvuta tsiku lomwelo. Ndikulembera aphunzitsi, odzipereka amene amawerengetsa ana masana, komanso makolo muno mu Dzaleka.

Njira zimenezi ndinaziona zikugwira ntchito ku Umhlanga, kumpoto kwa mzinda wa Durban ku South Africa. Dzinali m'Chizulu limanena za bango, koma lero kuli mahotela, sitolo zikuluzikulu za Gateway, ndi nsanja younikira sitima zapanyanja imene inamangidwa mu 1954. Amalawi ambiri amagwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni kumeneko, ndipo inenso ndinasiya choko kwa zaka zingapo n'kukakhala mmodzi wa iwo. Madzulo ndinkayang'anira ana a m'nyumbamo akamalemba homuweki. Loweruka ndinkathandiza ana a abale athu okhala ku Blackburn, mudzi wa zisakasa womwe uli chapafupi. Ana awa ndi awo anali osiyana pa chakudya, pa nsapato ndi pa pogona, koma m'makope mwawo ndinkapezamo chizolowezi chimodzi: mwana kuchonga yekha ntchito yake ndi pensulo, n'kulemba zokonza m'munsi mwake.

Sizinangochitika mwangozi. Silabasi ya boma ya dziko limenelo, yotchedwa CAPS, imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2012, imagawa kuyesa pawiri. Pali mayeso olembedwa m'kaundula, amene amaikidwa pa makwerero 7: kukhoza 80 mpaka 100 pa 100 ndi 7, ndipo 0 mpaka 29 ndi 1. Palinso kuyesa kwa tsiku ndi tsiku, kumene mwana akhoza kudzichonga yekha kapena kuchongana ndi mnzake, ndipo zotsatira zake siziwerengedwa poona ngati akwere kalasi. Mfundo yomalizayi muisunge, chifukwa zonse zatsamira pamenepo. Mwana akadziwa kuti malikisi amene wadzipatsa yekha alowa pa lipoti, adzadzipatsa 10 pa 10. Ndani sangatero?

Maganizo amenewa anafala kwambiri kuchokera mu 1998, pamene Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College ku London anasanthula kafukufuku wosiyanasiyana pafupifupi 250. Iwo anapeza kuti ana akamadziwa chimene akuyenera kuchikwanitsa, pamene afika, ndi chochita kuti atseke mpatawo, amakhoza bwino, makamaka aja amene timawatcha otsalira.

Chida choyamba ndi maloboti

Ku South Africa, monga kunonso, magetsi apamsewu timati maloboti. Mwana wina wa m'nyumba muja ankajambula kadontho pakona ya tsamba akamaliza ntchito: kobiriwira ngati wamvetsa mpaka angafotokozere mnzake, kachikasu ngati akukayika, kofiira ngati wasochera. Iye anali ndi makrayoni. Ife tilibe, koma aphunzitsi a m'Malawi tinaphunzitsidwa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Tsamba laliwisi, tsamba louma ndi kachibenthu ka njerwa zikwanira, ndipo njerwa muno sizisowa. Mwana aliyense akhale nazo zitatuzi. Mukafotokoza njira yatsopano n'kupereka samu imodzi yoyesera, aliyense aike chimodzi patsogolo pake.

Ntchito yeniyeni imayamba apa. Ngati mwaona njerwa zambiri, musapitirire; bwerezani mwa njira ina. Ngati zili zochepa, a masamba aawisi akhale ndi a masamba ouma n'kuwafotokozera, inu mutenge a njerwa pakona. M'kalasi ya ana 100 simungachonge makope onse tsiku lililonse, koma mungaone njerwa 15 pa mphindi imodzi.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa manyazi. Tsiku limene mudzakalipire mwana chifukwa waonetsa njerwa, mawa lake kalasi yonse idzakhala yobiriwira ngati munda wa chimanga mu Januwale. Muthokozeni amene wavomera kuti sanamve; paja safunsa anadya phula. Wachiwiri ndi wakuti mwana wosadziwa kawirikawiri sadziwanso kuti sakudziwa, ndiye amaika tsamba laliwisi ndi mtima woona. Mankhwala ake ndi osavuta: muzisankha mmodzi mwa obiriwirawo mosayembekezera kuti akaonetse pabolodi. Pakatha sabata, aliyense amayamba kudzifunsa kaye asanaike tsambalo.

“Ndingathe”

M'mabuku a mphunzitsi a ku pulayimale muli kale zizindikiro za kakhozedwe pa phunziro lililonse. Vuto ndi lakuti zimakhala m'buku la mphunzitsi, mwana osaziona. Zitulutseni, muzilembe pabolodi m'mawu a mwana, zitatu kapena zinayi basi. Pa kalata ya kwa mnzake, mwachitsanzo: ndalemba keyala yanga ndi tsiku, ndapereka malonje, chiganizo chilichonse chayamba ndi lembo lalikulu n'kutha ndi mpumiro, ndatsanzika n'kulemba dzina langa. Asanapereke kope, mwana aziyendera zimenezi ndi chala. Mukalemba kuti “ndalemba bwino” simunamuthandize, chifukwa sangazione ndi maso. Chizindikiro chabwino ndi chimene mwana angaloze n'kunena kuti chili apa, kapena palibe.

Muno pakufunika mzere wina umene sindinauone ku Umhlanga. Ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda kapena Chifalansa, koma kusukulu amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi. Mwana akalephera samu ya m'mawu, mwina njira akuidziwa, chamugwetsa ndi liwu limodzi. Mumuphunzitse kusiyanitsa ziwirizi: “sindinamve mawu” ndi “sindikudziwa njira”. Adule mzere kunsi kwa liwu lomuvutalo. Woyambayo akufuna mnzake womumasulira kwa kanthawi kochepa, wachiwiriyo akufuna inu.

Samu imadzichonga yokha

Tengani 52 kuchotsa 27. Ana ambiri amalemba 35, chifukwa amangochotsa nambala yaing'ono mu yaikulu paliponse pamene aiona: 7 kuchotsa 2, kenaka 5 kuchotsa 2. Mukangoika mtanda wofiira, mwana amaona kuti walakwa koma sadziwa chifukwa chake. Muphunzitseni kubweza. Aphatikize yankho lake ndi nambala imene anachotsa: 35 ndi 27 zikupereka 62, osati 52, ndiye penapake pasokonekera. Akabwereka moyenera apeza 25, ndipo 25 ndi 27 zikubwerera pa 52. Kugawanso amakutsimikiza pochulukitsa. Chida ichi sichilira pepala lina kapena mphunzitsi, ndipo mwana amalowa nacho m'chipinda cha mayeso, mmene palibe womufunsa.

Kwa a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, amene akuyembekezera mayeso a MANEB, onjezerani masamba awiri kumapeto kwa kope. Funso lililonse limene walakwa pa mapepala a mayeso a zaka zapitazo alilembe pamenepo, pambali pake anene chifukwa: sindinawerenge funso bwino, ndinaiwala njira, sindinaphunzirepo, nthawi inandithera. Pakatha mwezi awerenge kuti chifukwa chiti chachuluka. Ana amene ndinkakhala nawo Loweruka aja ankadabwa kuona kuti zambiri anazitaya pothamanga, osati chifukwa cha mutu wouma monga ankadzinenera. Amene nthawi imamuthera azilemba akuyang'ana wotchi. Amene sanaphunzirepo mutuwo abwere kwa ife ndi dzina la mutuwo, osangoti “masamu amandivuta”.

Makolo, inu simukufunika kudziwa Chingerezi kapena kuwerenga kuti muthandizepo. M'malo mofunsa kuti “wakhala nambala chani?”, mwana akaweruka mufunseni kuti lero anaika tsamba kapena njerwa, ndipo pa chiyani. Akati njerwa, mufunseni kuti mawa akafunsa ndani. Akati tsamba laliwisi, muuzeni afotokozere mng'ono wake, inu mukumvetsera uku mukusonkhezera moto.

Aphunzitsi, musayambe zonse nthawi imodzi. Sankhani phunziro limodzi, makamaka masamu, muyambe ndi masamba ndi njerwa kwa milungu iwiri. Muzilemba pakona ya pulani yanu chiwerengero cha njerwa tsiku lililonse ndi mutu umene munaphunzitsa. Pa mkumano wotsatira wa aphunzitsi mubwere nacho chiwerengerocho, tidzaone mitu imene ikugwetsa ana m'makalasi onse, tidzagawane njira zoiphunzitsiranso teremu isanathe.